Tonde Wokonza Mawayilesi

Aliyense wojambula kanema wa dokyumentale amafika pa msinkhu woyamba kunyoza thirayipodi. Amati kamera yokhazikidwa pa miyendo itatu ija imangoonerera zinthu ili patali, pomwe ya m'manja imalowa m'kati mwa nkhani, kupuma ndi kuyenda limodzi ndi mwini nkhaniyo. Mfundoyi ndi yoona ndithu. Kuyambira m'ma 1960, makamera a filimu ya 16mm atapepuka moti munthu n'kusenza paphewa, ojambula ambiri analeka zouza anthu kuti "imani apa, yang'anani uku", n'kuyamba kuwatsatira kulikonse komwe alowera. Ineyo ndinafika pa msinkhu umenewu ngongole ya kamera ndisanamalize n'komwe kubweza.

Thirayipodi ndinaisiya dala kuseri kwa chitseko tsiku lomwe ndinapita kukajambula madala ena okonza mawayilesi, omwe agwira ntchitoyi zaka zoposa 40. Gimbal, kachipangizo ka timamota titatu koletsa kamera kupendekeka, ndinalibe. Za Steadicam, chida chija anapanga Garrett Brown m'ma 1970 chimene wojambula amachita kuvala pathupi, ndinkangozimvera kwa anzanga. Ine ndinali ndi manja awiri, chingwe cha m'khosi, ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata amene ndinamutenga kuti azigwira maikolofoni.

Koma mayendedwe ake ndiye ndinawaphunzira. Zigongono umazipanikiza kunthiti, kamera n'kuikankhira kutsogolo mpaka chingwe cha m'khosi chitakungika, kuti igwidwe malo atatu. Mawondo umapinda pang'ono kuti azimeza kugwedezeka, ndipo poponda umayamba chidendene kenako zala, monyang'ama. Ndinayeserera zimenezi pabwalo mpaka aneba anatuma mwana kudzafunsa ngati ndatuluka chithupsa pamalo osatchula.

Madalawo anatilandira bwino. Anakhala pampando panja pa kanyumba kawo kogwiriramo ntchito, pamiyendo atasanjikapo wayilesi yotsegula kumbuyo, mawaya ali balala. Chakumbuyo kwawo, mbali ya phewa lamanzere, kunali tonde womangidwa pachichiri. Ndinamuona ndithu, ndipo mumtima ndinati msiyeni, azioneka mwachimbuuzi kumbuyoko, azikometsera chithunzi.

Ndinamanga lenzi ya 85mm n'kuitsegula mpaka f/1.8, chifukwa ndinkafuna nkhope yokha ikhale ngwee, zina zonse zitasungunuka. Kuti mumvetse moto womwe ndinkasewera nawo: pa kamera ya full frame ngati yanga, yomwe kachipangizo kake kolandira chithunzi n'kakakulu, munthu akakhala mamita 2 kuchokera pa lenzi imeneyi, dera looneka bwino limangokhala masentimita pafupifupi 6. Diso likakhala mu fokasi, khutu latulukamo kale. Munthuyo akangoweramira kutsogolo kuti atsindike mfundo, basi wapita. Wanzeru amatseka lenzi kufika pa f/5.6 kapena f/8, apo ayi amapotokola yekha mkombero wa fokasi akuyang'anira timizere tamtundu ta peaking, tija timasonyeza pamene paoneka bwino. Ine ndinasiyira zonse autofocus, yoti kamera izidzipezera yokha fokasi, poti makamera a masiku ano amadziwa kusaka diso n'kulikakamira. Shutter, yomwe imalamula nthawi imene kuwala kumalowa m'kamera, ndinaiika pa 1/50 ya sekondi, monga zimakhalira pojambula mafelemu 25 pa sekondi, galasi lakuda la ND n'kulimanga kutsogolo kuti dzuwa lisayeretse chithunzi. Ziwirizi ndinachita molondola, ndipo ndikufuna dziko lidziwe.

Dzuwa lomwelo ndi limene linkaomba pa kasikirini ka kamera, ka mainchesi 3, moti chomwe ndinkaonapo kwambiri chinali nkhope yanga ikuchucha thukuta. Komabe kabokosi kobiriwira kosonyeza diso limene kamera yagwira kankaoneka kakuthwanima penapake chakumtunda, ndiye mtima unali m'malo. Tisikirini ting'onoting'onoti n'tabodza, chilichonse chimaoneka bwino pamenepo.

"Agogo, tatiuzeni mmene munayambira ntchitoyi."

Anthuni, madala aja anayankhula. Anafotokoza mmene anaphwasulira wayilesi ya bambo awo ali mwana pofuna kuona tianthu toyankhula m'katimo, mmene anakwapulidwira, mmene anachezera usiku wonse akuibwezeretsa mpaka inalira. Atafika pa nkhani ya mayi a kunyumba, omwe anadziwana nawo atabweretsa wayilesi yosawonongeka n'komwe, mawu anayamba kunjenjemera, misozi ili lengelenge. Manja anga nawo ankanjenjemera, koma pa chifukwa china. Kamera ingapepuke bwanji, ukainyamula mphindi 20 osatsitsa, mapewa amayamba kuyaka, ndipo lenzi yaitali imakulitsa kanjenje kalikonse. Stabilizer ya m'kati mwa kamera imathana ndi tizigwedezo ting'onoting'ono, koma munthu amene mkono wachita dzanzi siingamupulumutse. Ndinayesa kugwira mpweya kuti chithunzi chikhazikike, n'kudzautulutsa wonse nthawi imodzi, phuu, maikolofoni n'kutola.

Kucheza kutatha ndinafuna chithunzi choyenda, chimene chinandisiyitsa thirayipodi. Ndinapempha madalawo kuti anyamuke pampando, ayende kudutsa pabwalo wayilesi ili m'manja, ine ndiziwajambula kumaso ndikuyenda chafutambuyo. Apa pamafunika lenzi yotambalala, ya 24mm kapena kucheperapo, chifukwa imabisa kugwedera ndipo fokasi yake siivuta. Yanga inali m'chikwama, chikwamacho chili uko pamthunzi, ndipo ndinaopa kuti ndikazengereza madala asiya kumasuka. Tsono woyenda chafutambuyo saona komwe akupita, choncho mnzake amamugwira lamba kumbuyo n'kumamuwongolera: kukokera kumanja, kukokera kumanzere, kuletsa pang'ono pakakhala chopunthwitsa. Ndinamulongosolera mnyamata uja zonsezi, n'kutsindika kuti zivute zitani lambayo asamusiye.

"Musadandaule malume, ndamva."

Tinayamba bwino. Poti n'chafutambuyo, zala, chidendene. Zala, chidendene. Madala akubwera mwaulemu wawo, akufotokoza za mabatire otayira madzi m'wayilesi. Pamenepo n'kuti tonde atazula chichiri, akutsatira mbuye wake, chingwe chikukhwekhwerezeka pansi. Mnyamata ataona nyanga zikuyandikira anaganiza zothawa, koma poti ndi mwana womvera, anathawa ndi lamba yemwe. Kachitsulo komangira kanangoti thyo, lamba yense n'kusololoka. Buluku, lomwe ndinagula masiku amene ndinali ndi thupi, linayamba ulendo wotsika.

Lamulo la dokyumentale n'lakuti zinthu zikamachitika sudula. Manja onse awiri anali pa kamera. Ndinatangadza miyendo kuti buluku liime m'mawondo, n'kupitiriza: zala, chidendene. Ndinene pano kuti masekondi amenewo ndi amene anatuluka okhazikika kuposa ena onse, chifukwa buluku la m'mawondo limakakamiza munthu kuponda pafupipafupi, mofanana, osadumpha. Madala anasiya za mabatire, nati modekha, "Mwana wanga, mphepo ikukuomba." Sindinayankhe, kuopa kuwononga mawu. Phazi lotsatira linalowa m'beseni lomwera tondeyo, ndipo ndinakhalamo, thapsa, kamera nditaikweza m'mwamba ikujambula mitambo. Kamera sinanyowe ngakhale dontho, ndipo pobwerera ndinkadziyamikira.

Madzulo ndinalowetsa memori khadi mu kompyuta, mnyamata ali pambali, lamba atandibwezera mopepesa. Chithunzi chitadzaza sikirini yaikulu ndinangoti kukamwa yasa. Tonde anali ngwee. Ndevu zake zinkawerengeka imodziimodzi. Ntchentche yotera pamphuno pake inkaoneka mapiko ndi miyendo yomwe. Diso lake lachikasu lija, la kamzere kopingasa, linkanyezimira moti ukanatha kujambulitsa n'kupachika pakhoma. Madala anali chimtambo chovala chipewa, chodzaza theka la sikirini.

Nditalowa m'makonzedwe a kamera ndinapeza gwero lake. Makamera ambiri atsopano amakufunsa kuti azisaka diso la chiyani: la munthu, la nyama, kapena la mbalame. Mnzanga amene anaibwereka kukajambula agalu ake anaisiya pa nyama. Ndiye kamerayo inagwira ntchito yake mokhulupirika. Inauzidwa kuti ipeze nyama, inayang'ana madala, inayang'ana tonde, n'kusankha. Kabokosi kobiriwira kamene kankandikhazika mtima pansi kaja kanali pa diso la mbuzi kuyambira pa moni mpaka m'beseni.

Zikanathera pomwepo bwenzi ndikungolira mwakachetechete. Koma tonde ankabzikula. Nthawi yonse imene madala ankayankhula, nsagwada zake zinkayenda, ndipo poti pakamwa pooneka panali pake pokha, woonera aliyense ankaona tonde akufotokoza mmene anaphwasulira wayilesi ya bambo ake ali mwana. Ponena za kukwapulidwa anagwedeza makutu. Pa nkhani ya mayi aja, mawu atayamba kunjenjemera, anasiya kutafuna, n'kuyang'ana patali, kenako n'kumeza pang'onopang'ono. Akatswiri a zisudzo ndawaonapo ambiri, koma kamezedwe kameneko sindikuona woti n'kufanapo. Mnyamata uja anagwa pampando, akupuma modukizadukiza, akungoti, "Malume, bwezani, bwezaninso pamene akuti anamukonda tsiku lomwelo."

Kugwedera kumakonzekako pa kompyuta. Pulogalamu imadula m'mbali mwa chithunzi n'kumasuntha chotsalacho motsutsana ndi dzanja lako, ndipo kuti itero imagwira timadontho tooneka bwino n'kumatitsatira felemu ndi felemu. Timadontho tooneka bwino pafupifupi tonse tinali pa tonde. Itamaliza ntchito yake, tonde anakhazikika nji, chimtambo cha madala chikuyandama uku ndi uku, khoma la kumbuyo likupindika ndi kuwongoka. Fokasi ndiye ilibe mankhwala. Chimene lenzi sinagwire palibe, ngakhale ukweze sharpness mpaka kumapeto. Umangopeza chimtambo chomwecho, koma chokandakanda m'mphepete.

Ndinabwerera kwa madala ndi laputopu kukapempha kuti tijambulenso, ulendo uno thirayipodi ili paphewa. Ndinkafuna kungofotokoza pakamwa, koma iwo anaumirira kuti aone okha. Anaitana ana, adzukulu, ndi makasitomala omwe ankadikira mawayilesi awo. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, kamdzukulu kena n'kuthamangira kwa tonde kukamufunsa ngati amakonzanso mafoni. Madala okha ndiwo sanaseke. Anavala magalasi, n'kuonera kuyambira poyamba mpaka pa mitambo paja, dzanja lili pachibwano.

Kanema atatha anavula magalasiwo, nawapukuta ndi malaya, nati, "Wayankhula bwino ndithu, ndipo zambiri sananame. Koma chaka chimene tinakwatirana ndi mayi akowa waphonya. Ukamajambulanso umuuze akonze, chifukwa eni ake akazimva, wogona panja ndine. Iyeyu anazolowera kale."