Sopo, zidebe ndi mjigo wa pasukulu pathu

Ndine msungichuma wa komiti ya sukulu ina ya pulayimale kuno ku Mchinji, cha ku Kamwendo. Udindowu anandipatsa chifukwa ndili ndi kagolosale, ati munthu wowerenga ndalama tsiku ndi tsiku sangasokoneze mabuku. Dzina la sukulu sinditchula, poti nkhaniyi ikuyamba ndi mkangano, ndipo ena mwa okanganawo lero timadyera mbale imodzi.

Tinkakangana za mjigo. Uli pamalo a sukulu, koma midzi yonse yozungulira imatunga pomwepo. Ukangowonongeka, akumudzi ankati ngwa sukulu, akonze aphunzitsi. Aphunzitsi nawo ankati amene amaupopa kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa ndi amayi a m'mudzi, ndiye asonkhe ndi iwo. Mapeto ake ahedi anagula tcheni ndi loko, amayi ambiri n'kubwerera ku zitsime za kudambo kumene kumamwanso ng'ombe.

Corona anatipeza tili choncho. Sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020, matendawa asanapezeke n'komwe m'dziko muno, popeza odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. Kwathu anthu ankati awa ndi matenda a okwera ndege, ngakhale mathiraki ochokera ku chipata cha Mwami amadutsa pakhomo pathu usana ndi usiku. Komanso makolo ankafunsa funso limene ine ndinalibe nalo yankho: ana akhala bwanji pakhomo pamene akuluakulu tikudzazana pamisonkhano ya ndale, kukonzekera chisankho cha pa 23 Juni? Maphunziro a pa wailesi analipo ndithu, koma wailesi imafuna mabatire, ndipo mwana akakhala pakhomo nyengo yokolola mtedza, amapita kumunda basi.

Boma litalengeza kuti a Sitandade 8 abwerera pa 7 Sepitembala ndipo makalasi ena pa 12 Okutobala, linatinso pakhale madzi osamba m'manja pakhomo pa kalasi iliyonse. Mjigo nthawi imeneyo n'kuti utafa. Ahedi anapempha msonkhano kwa a Gulupu, ndipo tinakhala pansi pa mtengo wa mango motalikirana. Atapereka moni, anapisa m'thumba natulutsa kiyi.

"A Gulupu, kiyi uja ndi uyu. Ndekha sindingathe. Ana amene akubwerawa ndi anu."

A Gulupu anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Aphunzitsi, kiyiyo kaponyeni kutchire. Ingotiuzani zidebe zikufunika zingati."

Tinagwirizana kuti khomo lililonse lizisonkha kangachepe pamwezi, ndipo wopanda ndalama azibweretsa mbale ya mtedza kapena soya, ine ndigulitse. Ndalama zoyamba zinalipira mmisiri wa mijigo. Mjigo wathu ndi wa mtundu wa Afridev, ndipo atazula ndodo zake zonse zachitsulo tinaona kuti chimene chinatidanitsa zaka zonsezi chinali karabala kakang'ono kotha, kotsika mtengo kuposa loko uja.

Zidebe za mpopi sizinakwane, choncho anyamata a m'mudzi anamanga mipondagiya. Kwa amene simunauonepo: mumazika mitengo iwiri ya mphanda, n'kupingasa wina pamwamba. Pamenepo mumakoleka chigubu chimene munali mafuta ophikira, mutachiboola ndi msomali wamoto cha kumtunda. Chingwe chimachoka pakamwa pa chigubu kukafika pa kamtengo kali pansi. Mwana akaponda kamtengoko, chigubu chimawerama, madzi n'kumatsika pang'onopang'ono, osagwira kalikonse ndi dzanja. Vuto linali sopo. Tikamangirira pa chingwe, mawa mupeza chingwe chokha, wina ati mbuzi, wina ati akhwangwala, koma ine ndinkaona yunifomu za ana ena zikuwala kuposa kale. Tinayamba kumudula tizidutswa, pambali n'kuika chitini cha phulusa. Amayi anagawana masiku othira madzi m'zigubu belu lisanalire, ndipo atelala a pamsika anasoka zophimba kukamwa kuchokera ku zidutswa za zitenje.

Ntchito yowawa kwambiri inagwera amayi a Mother Group, gulu la amayi a m'mudzi lothandiza atsikana kuti asasiye sukulu. Kafukufuku wa boma anapeza kuti m'miyezi imene sukulu zinali zotseka, atsikana oposa 40,000 anatenga mimba ndipo maukwati a ana anali pafupifupi 13,000. Kwathunso mipando ina inali yopanda anthu. Aphunzitsi ankapereka mayina kuchokera mu kaundula, amayi aja n'kumayenda khomo ndi khomo, kwina kukalandiridwa ndi mawu oti "mwanayu mumudyetsa ndinu?" Ena anabwerera atabereka, monga malamulo a sukulu amalolera. Ena sitinawaonenso.

Pa Corona mudzi ndiwo unanyamula sukulu. Kolera atabwera, zinthu zinatembenuka.

Mliri umenewu unayamba ku Machinga mu Malichi 2022, ndipo unakula kuposa wina aliyense wa kolera amene dziko lino linaonapo, mpaka kupha anthu oposa 1,700. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira ndi masabata awiri. Ife tinatsegulira, mvula ili pakati, mitima ili m'mwamba. Mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu ndi mmodzi, ndi njinga yakapalasa, sakanatha kufika khomo lililonse. Anaona kuti malo amene midzi yonse imakumana m'mawa uliwonse ndi pa asembule. Ankabwera ndi klorini wosungunula kale, mwana aliyense n'kubweretsa kabotolo, ndipo ankawabwerezetsa mpaka ataloweza: muyezo wake pa chidebe, kudikira mphindi 30 asanamwe, paketi imodzi ya Thanzi, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi, mu lita imodzi ya madzi abwino, ndiponso kuti wotsegula m'mimba ngati madzi a mpunga asagone pakhomo, athamangire naye kuchipatala akumwetsedwa m'njira.

Zimene akuluakulu tinkakana kumva kwa mlangizi, tinazimva kwa ana athu. Kwathu, mdzukulu wanga wa Sitandade 5 anachotsa beseni limene tonse tinkasambamo m'manja tisanadye nsima. Anabwera ndi jagi, nati, "Agogo, tambasulani manja ndikuthirireni." Ndinafuna kukalipa, koma mwana anali atagwada mwaulemu wonse, ndiye ndikanati chiyani? Pamaliro ponse pano timathirirana, ndipo palibe amene amakumbuka kuti zinayamba ndi ana a sukulu. Chimbudzi cha atsikana chitagwa ndi mvula, abambo anakumba china osadikira kalata yochokera ku boma, njerwa n'kutenga pa uvuni wa tchalitchi mongobwereka.

Pali anthu ena amene sitinawathokoze, ndipo zimandikhala pamtima. Komiti inaletsa kugulitsa zakudya zophikaphika pasukulu nthawi ya kolera. Chinali chiganizo choyenera. Koma amene ankagulitsa mandasi, zitumbuwa ndi chinangwa chophika pa buleki ndi amayi omwe aja ankathira madzi m'zigubu, ena mwa iwo amasiye, ndipo mchere ndi sopo wa pakhomo pawo zinkachokera m'beseni la mandasi lomwelo. Anamvera osadandaula, teremu yonse.

Pano matenda atazilala, msonkho wa mjigo wayamba kuvuta. Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sopo ndi zipangizo za mjigo zinakwera, ndipo buku langa ladzaza mayina a ongongola. Pa msonkhano wa mwezi uno ena akufuna tikweze msonkho. Ine ndikavomera, koma ndikapemphanso kuti amayi ogulitsa mandasi aja asamalipire kwa chaka chimodzi. Ahedi ndawauza kale, ati akandithandiza kuyankhula. Kwatsala a Gulupu.