Lachinayi pa Coire an Lochain

Sabata ino mphepo ku Cairngorms, mapiri a ku Scotland komwe ndimatsogolera alendo okwera mapiri, sinatipatse mpata. Inkaomba kuchokera kummwera chakumadzulo, kusesa chipale chofewa pamwamba pa phiri n'kukachiunjika m'zigwa zoyang'ana kumpoto. Lolemba mpaka Lachitatu zinali za masiku onse: alendo, maphunziro a fosholo ndi ndodo yofufuzira munthu wokwiririka m'chipale, kutsikira ku tauni ya Aviemore zala zitachita dzanzi.

Lachinayi ndi limene landisiya ndi mkwiyo. Lipoti la SAIS, bungwe lochenjeza za zigumukire za chipale ku Scotland, linaika chiopsezo pa 3. Tisanalowe m'chigwa cha Coire an Lochain ndinakumba dzenje m'chipale pamalo otsetsereka pang'ono. Pamwamba panali chipale chogwirana chomwe mphepo inapanikiza, pansi pake kachigamba kouma gwa, ndipo kunsi kwa kachigambako tinjere tosagwirana, tothothoka m'manja ngati shuga. Ndinadula chipilala cha chipale, n'kuika fosholo pamwamba pake, n'kuyamba kugogoda pa fosholoyo kuti ndione ngati chingatsetsereke. Ndisanamalize n'komwe kugogoda koyamba kopepuka, chonse chinatsetsereka kamodzi, mosalala. Nditaponda pambali, mng'alu unathamanga kutsogolo kwa nsapato zanga, pansi n'kumveka phuu! Pomwe alendo ankafuna kukwera ndi potsetsereka madigiri opitirira 30, pomwe zigumukire zambiri zimayambira.

Ndinaimbira ku ofesi kuti ndikubweza gulu. Yankho lake: anthuwa analipira kale, ndipo 3 ndi pakatikati chabe pa muyezo wofika 5. Ndinati, "Bwana, inu muli pa kompyuta, ine ndili m'dzenje." Aliyense wa ntchitoyi amadziwa kuti anthu ambiri amafera pa 3, chifukwa phiri limaoneka labwinobwino. Munthu akakwiririka, mwayi wake uli m'mphindi 15 zoyambirira. Zikadutsa, ambiri safukulidwa amoyo. Nanga ndikanamupeza ndi chiyani? Ma transceiver (timakina topezera munthu wokwiririka) ena omwe anatipatsa mmawawo mabatire ake anali atatheratu, nkhani yomwe takhala tikudandaula chiyambireni nyengo yozizira. Mu Malichi 2019 anthu atatu anafa ndi chigumukire mu ngalande yotchedwa Number 5 Gully pa Ben Nevis, phiri lalitali koposa ku Scotland, koma maofesi ena amaiwala msanga.

Gululo ndinalitsitsira kumalo athyathyathya, tinaphunzira kufufuza munthu wokwiririka mpaka madzulo. Mlendo mmodzi sanandilankhule njira yonse.

Lachisanu linathera pa mafomu, kufotokoza chifukwa chomwe ulendo sunafike pamwamba. Ndalembamo zonse za m'dzenje lija, kuya kwake ndi pomwe chinathyokera. Mabatire ndagula ndi ndalama zanga, lisiti ndalisiya pa tebulo la abwana.