Tochi yanga ili pansi pa Thumbi

Pakati pa miyala ya ku chilumba cha Thumbi, m'nyanja ya Malawi, pagona tochi yanga. Ndikuti yanga chifukwa abwana anandidula malipiro miyezi iwiri kuti ndiilipire, chikhalirecho ndinangoivala mausiku atatu basi.

Unali Okutobala, mwera utaleka, nyanja ili bata. Tinachoka pa Chembe ndi alendo awiri kukasambira pansi pa madzi usiku kuti tikaone kampango, pajatu iye amasaka usiku mbuna zitabisala m'ming'alu. Tochi yaikulu inali m'manja. Ina yapadera, yozimitsa, ndinaikoleka pachifuwa ndi kangowe kachitsulo kamene timati bolt snap. Titatsika mamita 14 ndinapapasa pachifuwa, n'kupeza kangowe kali lendelende, tochi kulibe. Ikanakhala yoyaka bwenzi nditaiona ikutsika.

Wolakwa ndinali ine. Ndinapisa chingwe kamodzi kokha, n'kumanga reef knot, mfundo ija timamangira mtolo wa nkhuni, kenaka n'kudula nsonga mofupikitsa kuti zioneke bwino. Pa chingwe cha khonje mfundo imeneyi imaluma. Nayiloni watsopano ndi woterera, ndiye akanyowa, ukumugwedeza uku ndi uku posambira, kansonga kamabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka phululu.

Bambo anga, amene akhala akupalasa bwato kuyambira ndisanabadwe, anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wa msodzi kutaya katundu chifukwa cha mfundo? Bwera nacho kuno chingwecho." Anagoneka nsonga ziwiri moyang'anana, iyi kuzunguliza kawiri pa inzake, inayo chimodzimodzi, n'kukoka. Timfundo tiwiri tinakumana n'kukanirirana gwa. "Masula tione." Ndinalephera, ndi mano omwe. Pambuyo pake ndinadzaipeza m'buku la maphunziro athu, dzina lake double fisherman's, ndiye kuti mfundo ya asodzi. Nditawauza anati, "Nanga amati ndi ya ndani?"

Masiku ano pomanga tochi kapena geji ya mpweya, ndimapisa kachingwe kopyapyala kolukana katatu pa diso la kangowe ndi pa chinthucho, n'kuzunguliza pakati kuti zingwezo zithinane, kenaka mfundo. Reef knot yomweyo imagwira pamenepa, bola nsonga uziwotche ndi laita n'kuziphwatalitsa zikadali zofewa, zikhale ngati mutu wa msomali. Chala chimapsa ndithu, ine ndili ndi kachipsera. Ndikafuna chingwe chozungulira chosadzamasulanso, ndimamanga ya abambo ija.

Bowline, mfundo yopanga diso losathina kunsonga kwa chingwe, ndimaikonda pa chingwe chotsikira kuchokera pa boya, chifukwa ngakhale yakokedwa tsiku lonse imamasuka ukaifuna. Koma musaikhulupirire ikakhala yolendewera. Mafunde akamachita kukoka n'kusiya, kukoka n'kusiya, imadzimasula yokha, makamaka pa chingwe cholimba. Ndimasiya mchira wautali ngati chikhatho n'kuumanganso kamfundo kena. Clove hitch, mfundo yongozunguliza chingwe kawiri pa mtengo kapena chitsulo, ndi ya kanthawi, pomangirira boti uli pomwepo ukuona. Silinda ya mpweya imene timaipachika pa mamita 5 pansi pa madzi, pomwe timaima mphindi 3 tisanatuluke, sindingaisiyire clove hitch yokha.

Mnyamata wina amene tikumuphunzitsa anandifunsa kuti, "Achimwene, bwanji osangoika mphete yachitsulo ngati ya makiyi, nkhani ithe?" Ndinamutengera kukamuonetsa ukonde wakale umene unakodwa pa mwala, wa nayiloni woonekera uja, woti suuona mpaka utakugwira. Tochi yako ikakodwa mmenemo, kangowe n'kukana kutseguka chifukwa cha mchenga, chitsulo uchidula ndi chiyani? Chingwe mpeni umadutsa kamodzi, iwe n'kumapita. Anangoti, "Ohoo." Mawa lake anabwera ndi laita yakeyake.

Malo aja ndadutsapo kambirimbiri, masana, madzi ali mbee, ndipo maso amathamangirabe m'ming'alu. Abambo nawo sanaiwale. Ndikamanyamula zida m'mawa amafuula ali pa ukonde wawo, "Wamanga ndani lero, iwe kapena mzungu?"