Mulanje wa m'chiperoni

Chithunzi chopenta cha phiri la Mulanje chija ndinkakuuzani ndamaliza, ndipo anthu awiri andifunsa kale kuti phirilo lili pati. Lilipo ndithu, kungoti ndalibisa dala.

Ndajambula Mulanje monga ndinamuonera mu Julayi, tsiku la chiperoni, nditaima m'minda ya tiyi kumunsi kwake. Amene munakhalako mukudziwa: mphepo yozizira yochokera ku Mozambique, kumene kuli phiri la Chiperone lomwe linapereka dzinali, imabwera ndi nkhungu ndi kamvula kowaza, phiri lonse zii. Nkhunguyo ikang'ambika pang'ono, thanthwe limangotulukira m'mwamba lopanda tsinde, ngati likuyandama. Sapitwa, nsonga ya phirili ya mamita 3,002 ija, sindinamuone n'komwe.

Kuti zimenezi zituluke, ndinayamba ndanyowetsa pepala lonse ndi madzi, kenaka n'kudonthezapo utoto wotuwa ndi wobiriwira kuti uziyenderera wokha. Apa m'pofunika kuugwira mtima. Ukangoti ndikonzeko pang'ono ndi bulashi, zonse zimasanduka matope. Mapepala atatu ndinataya chifukwa cha phuma. Chooneka bwinobwino ndasiya chimodzi chokha, mayi wothyola tiyi ali ndi dengu kumsana, kadontho chabe pakona.

Kunena zoona, zithunzi za Mulanje zowala mbee ngati za pa kalendala zinanditopetsa. Umangoyang'ana kamodzi, basi wathana nazo.

Amayi anga ataona chithunzi changachi anakhala chete nthawi yaitali, kenaka n'kunena kuti umu ndi mmene kumudzi kwawo kumaonekera akamalota. Koma mchimwene wanga akuti pepalali langonyowa ndi mvula, ndiliyanike.