Synth Ikamalira Mochedwa, Yambani ndi Driver

Mukadina kiyibodi koma mawu n'kumveka pambuyo pake, nthawi zambiri vuto silikhala la synth, pulogalamu yopanga mawu m'kompyuta. Kompyuta imayamba yasonkhanitsa ma sample (tizidutswa ta mawu) mu buffer (posungira mawu kwakanthawi), buffer ikadzaza ndiye imatumiza mawuwo kunja. Masamu ake ndi osavuta: gawani kukula kwa buffer ndi sample rate, kuchuluka kwa ma sample pa sekondi. Pa 48,000 Hz, buffer ya 512 imatenga mamilisekondi 10.7, ya 256 imatenga 5.3, pomwe ya 128 imatenga 2.7 okha. Driver (pulogalamu yolumikiza kompyuta ndi chipangizo) ndi interface (kabokosi kolowetsa ndi kutulutsa mawu) nazonso zimawonjezerapo pang'ono.

Kungogula audio interface sikuthetsa kanthu ngati DAW, pulogalamu yojambulira nyimbo, idakali pa driver yakale. Pa Windows, ikani driver ya ASIO (mtundu wa driver wosachedwetsa mawu kwambiri) yochokera kwa amene anapanga interface yanuyo, kenako mu DAW sankhani ASIO, osati MME kapena DirectSound. ASIO4ALL, driver yosasankha chipangizo, ndi ya anthu amene alibe pothawira, musaiike pa interface yomwe ili ndi driver yakeyake. Pa Mac, Core Audio imagwira kale ntchito imeneyi, inu mungosankha dzina la interface pa output. Chingwe cha USB chilowe m'kompyuta mwenimweni, osati pa hub, ndipo mahedifoni kapena masipika alumikizidwe ku interface. Mahedifoni a Bluetooth asiyeni pambali, pakuti kawirikawiri amachedwetsa mawu kupitirira mamilisekondi 100.

Tsopano buffer. Yambani pa 256, tsitsani kufika pa 128, kenako pondani sustain pedal n'kuimba ma chord olemera pa patch (mtundu wa mawu a synth) imene imalemetsa kompyuta kwambiri. Mawu akayamba kuthetheka kapena kudukaduka, ndiye kuti CPU ikulephera kudzaza buffer nthawi isanathe. Musathamangire kukweza buffer. Chepetsani kaye unison ndi polyphony (kuchuluka kwa mawu olira pakamodzi), zimitsani oversampling (kuwerengera mawu pa sample rate yokwera), chitani freeze (kusandutsa kukhala mawu ojambulidwa kale) ma track amene mwamaliza, ndipo laputopu ikhale pamagetsi. Zikapitirirabe pa Windows, pulogalamu ya LatencyMon ikuonetsani driver imene ikusokoneza, ndipo nthawi zina imakhala ya Wi-Fi.

Ambiri amasokonezeka ndi batani la direct monitor la pa interface. Batanili limangothandiza maikolofoni kapena gitala yolowera pa input. Mawu a synth amapangidwira m'kompyuta momwemo, choncho nambala yofunika kwa inu ndi ya output latency, kuchedwa kwa mawu otuluka. Ngati interface ili ndi kabatani kopotoza kosakaniza input ndi playback (mawu ochokera m'kompyuta), kapotozereni ku playback, apo ayi synth simuimva bwino.

Onaninso master, track yomaliza yomwe mawu onse amadutsamo. Plugin monga limiter ya lookahead kapena EQ ya linear phase imachedwetsa chilichonse chodutsamo, ngakhale buffer itakhala pa 64. Zichotseni pojambula, chifukwa mu DAW zambiri kungodina bypass sikuchotsa kuchedwako. Mudzazibwezeretsa pa mix, pamene buffer ingakwere mpaka 1024 popanda vuto.