Kope la mtolankhani si umboni

Ndaonera filimu ya Shattered Glass kawiri sabata ino, ndipo ulendo wachiwiriwo ndi pamene mutu wanga unatseguka pa chinthu chimene chandizunguza chaka chonse. Za kutsimikiza nkhani ndi magwero awiri, kujambula mawu, kusunga kope, anzanga a m'kalasi ya utolankhani mukuzidziwa kale, sindibwereza. Ndinaziloweza mpaka kukhoza mayeso. Koma pansi pa mtima ndinkaziona ngati mwambo wosamba m'manja alendo akuona, madzi ake omwewo a dzulo.

Kwa amene simunaonere, filimuyi ndi ya 2003, anaikonza Billy Ray, ndipo ikunena za Stephen Glass, mnyamata amene ankalemba m'magazini ya The New Republic ku Washington. Mu Meyi 1998 anatulutsa nkhani ya kamnyamata ka zaka 15, Ian Restil, komwe akuti kanathyola makompyuta a kampani yotchedwa Jukt Micronics, kampaniyo m'malo mokagwiritsa ku polisi n'kukalemba ntchito. Adam Penenberg, mtolankhani wa ku magazini ya Forbes, anafuna kulondola nkhaniyo, koma atafufuza sanapeze kampani, sanapeze mwana, sanapeze chilichonse. Pamapeto pake magaziniyo inavomereza kuti pa nkhani 41 zimene Glass anawalembera, 27 zinali ndi zopeka.

Ulendo woyamba ndinkangoyang'ana Glass, momwe Hayden Christensen akumusewerera, kupepesa asanalakwe, kugawa nthabwala pa msonkhano wa akonzi, aliyense akumukonda. Ndinazimitsa laputopu ndikunena kuti munthu wabodza ndi wabodza basi. Ulendo wachiwiri ndinasiya kuyang'ana iye n'kuyamba kuyang'ana anthu omuzungulira, ndipo funso linandigwira pakhosi: magazini imeneyi inali ndi anthu olembedwa ntchito yotsimikiza nkhani, mzere ndi mzere, nanga bodza linkadutsa pati?

Linkadutsa m'kope. Wotsimikiza nkhani akafuna kudziwa ngati Ian Restil ananenadi mawu akuti, ankatsegula kope la Glass, n'kuwapeza mawuwo, n'kuchonga. Dzina la kampani likugwirizana, tsiku likugwirizana, nambala ya foni ilipo. Koma kopelo analemba ndani? Yemwe uja analemba nkhani. Ndiye kuti amafunsa Glass wa m'kope ngati Glass wa m'magazini akunena zoona, ndipo awiriwa sangatsutsane. Kumudzi kwathu mfumu singalole kuti woimbidwa mlandu adziitanire mboni yomwe ndi iye mwini atavala chipewa china, komabe ophunzira kwambiri a ku Washington anachita zomwezo kwa zaka. Choipitsitsa n'chakuti Glass anagwirapo yekha ntchito yotsimikiza nkhani pamenepo, moti ankadziwa bwino pamene mpanda unali ndi chiboo. Zitavuta anapanga webusaiti yabodza ya kampaniyo, mauthenga a pa foni, mpaka m'bale wake wa ku California n'kumayankha foni ngati bwana wa Jukt Micronics. Umboni wonsewo unkachokera m'dzanja limodzi.

Chimene chinamugwetsa ndi ulendo wa pa galimoto. Mkonzi wake, Chuck Lane, anamuuza kuti tiye ukandionetse, n'kupita naye ku Bethesda, pafupi ndi Washington, kumene akuti kunachitikira msonkhano wa akatswiri othyola makompyuta. Atafika anapeza kuti nyumbayo sitsegulidwa Lamlungu, tsiku lomwe Glass anati munadzaza anthu. Chitseko chokhoma chinanena zimene kope lonse linalephera kunena, chifukwa chitsekocho sichinalembedwe ndi Glass. Pamenepa ndinaimitsa filimu n'kudzuka pa mpando. Umboni ndi umboni pokhapokha ngati ukuchokera kumene dzanja la mtolankhani silinafike. Ndi zimenezo basi, ndipo ndikudabwa kuti zanditengera chaka.

Tsopano ndiulule zanga. Teremu yoyamba anatituma ku msika kukamva maganizo a anthu pa kukwera mitengo kwa zinthu. Ndinaima pa benchi ya mayi wina wogulitsa tomato, dzuwa likuswa mtengo, ine thukuta kamukamu. Mayiwo anangoti, "Zinthu zadula, mwanawe," n'kutembenukira kasitomala amene ankanenerera mulu wa tomato. Ndinadikira pang'ono, manyazi anandigwira, n'kuchoka. M'minibasi pobwerera, kope lili pa bondo, ndinawawonjezera ziganizo zitatu zokoma, za ana a sukulu ndi lendi ya nyumba. Ndinadziuza kuti akanakhala ndi nthawi akananena zomwezo. Aphunzitsi anaitanitsa kope, anayerekeza ndi nkhani, zonse zinagwirizana, ndipo anandipatsa malikisi abwino n'kulemba m'mphepete kuti ndili ndi khutu la mtolankhani. Mawuwo ndinawasunga ngati mendulo. Lero ndikawaona m'mimba mumandizizira.

N'chifukwa chake ndili ndi kamkwiyo ndi momwe amatiphunzitsira. Phunziro la chikhalidwe cha utolankhani tinalithera pa mfundo zowerengedwa pa bolodi, ife tikukopera, aphunzitsi akuyang'ana wotchi chifukwa ali ndi kalasi ina kutsidya la tauni. Palibe tsiku limene wina anatenga nkhani ya mnzake n'kupita kumsika kukafunsa ngati mayi wa tomato alikodi. Ola limodzi ndi theka la filimu landiphunzitsa zimene masabata khumi ndi awiri sanathe. Sindikuti aphunzitsiwo sadziwa, ena anagwira ntchito m'manyuzipepala ine ndisanabadwe, koma kalasi ya anthu ochuluka chonchija munthu mmodzi angayendere nkhani zingati? Mwina ndikuwalakwira. Komabe kuchonga kope kuja kunandiphunzitsa kuti bodza lolembedwa kawiri limasanduka choonadi.

Ine pano ndalowa mpingo wa mapazi. Pita ukaone. Nkhani zabodza zambiri zimene ndikuzidziwa zinaululika choncho, wina atatuluka mu ofesi. Claas Relotius anapusitsa Der Spiegel, magazini ya ku Germany yomwe ili ndi dipatimenti yaikulu yotsimikiza nkhani, mpaka mu 2018 mnzake Juan Moreno anapita ku Arizona, ku America, kukafunafuna anthu olondera malire amene Relotius anati anacheza nawo, iwo n'kunena kuti sanamuonepo. Nkhaniyi inatulukanso mu filimu ya ku Germany, Tausend Zeilen, mu 2022. Janet Cooke wa nyuzipepala ya Washington Post analemba mu 1980 za mwana wa zaka 8 wogwiritsa ntchito mankhwala osokoneza bongo a heroin, akuluakulu a mzinda anamusaka mwanayo osamupeza, ndipo mphoto ya utolankhani ya Pulitzer imene analandira mu 1981 inabwezedwa zitadziwika kuti ananamanso za maphunziro ake. Ndauza kale anzanga a pagulu lathu lowerengera limodzi kuti kuyambira pano tizisinthana nkhani, aliyense azikayendera ya mnzake. Mmodzi anandifunsa kuti za minibasi alipira ndani. Sindinamuyankhe.

Ndiye dzulo usiku, ndili m'chimwemwe chomwechi, ndinaonera Ace in the Hole ya Billy Wilder, ya 1951, ndipo inandithira madzi ozizira. Kirk Douglas akusewera mtolankhani amene wapeza munthu atapanikizika m'phanga ku New Mexico. Munthuyo alipodi, phanga lilipo, aliyense angapite kukaona, ndipo anthu akupitadi mwaunyinji. Chinyengo chake n'chakuti akunyengerera opulumutsa kuti abowole phiri kuchokera pamwamba, njira ya masiku ambiri, m'malo mwa njira yachidule, kuti nkhani ikhalitse pa tsamba loyamba. Munthuyo akufera momwemo. Ndikanapita ndi mapazi angawa ndikanachonga zonse kuti n'zoona.

Apa ndiye ndasokonezekanso. Nanga gwero limene lapempha kuti dzina lake lisatchulidwe, mkonzi akaliyendera bwanji osaliika pa ngozi? Nanga mkonzi amene ali ndi nkhani khumi pa tebulo, makina osindikizira akudikira, ayendere iti n'kusiya iti? Penapake ayenera kungomukhulupirira mtolankhani wake, monga anzake a Glass anamukhulupirira, ndipo sindikuona pamene mzere uyenera kudutsa.

Loweruka ndikufuna ndipite kumsika kuja ndikawafunefune mayi a tomato, ndikawawerengere zimene ndinawaika m'kamwa. Kaya akandikumbukira, kaya akangoseka n'kundigulitsa mulu. Zowauza aphunzitsi ndiye sindinaganize bwino, malikisi aja analowa kale m'kaundula.