Nyumba zatsopano za mu Chipata zikutentha, ndipo vuto limayambira pa pulani

Aliyense amene akumanga mu Chipata masiku ano akufuna chinthu chimodzi, nyumba ya malata obisika kuseri kwa khoma, yopanda khonde, mawindo agalasi akuluakulu, penti ya gireyi, ndiye panja ponse mapeva kuyambira pa geti mpaka kuseri kwa khichini, mtengo wa mango umene unalipo pa puloti adula kale kuti galimoto izitembenuka bwino. Pa chithunzi cha pa Facebook imaoneka bwino zedi, sindikukana. Koma lowanimo mu Okutobala cha m'ma 14 hours muone ngati mukhalamo. Malata ali pafupi ndi siling'i, mpweya wotentha ulibe potulukira, dzuwa la kumadzulo likumenya galasi molunjika chifukwa palibe denga lotulukira kunja loti lipereke mthunzi, ndiye khoma limasunga moto wonse uja mpaka pakati pa usiku mwana akungotembenuka pa bedi.

Mwini nyumba amati palibe vuto tigula fani, ena ati ekoni. Chabwino, koma 2024 tonse tinalipo. Mvula inakana, Pulezidenti wa Zambia a Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti chilala chija ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku damu la magetsi la Kariba anatsika, malaiti anafika pomazima maola oposa 17 pa tsiku, nyengo yotentha itafika zinanyanya. Fani ija inangokhala chokongoletsa. Amene anagona bwinoko ndi a m'nyumba zakale zija za khonde lalikulu ndi denga lalitali, komanso a kumudzi a m'nyumba za udzu zomwe timaziseka. Chilala ngati chimenechi chidzabweranso, ndipo nyumba imene mukumanga lero idzakhalapo zaka 40 kapena 50, ndiye funso ndi lakuti ndani akuganizira zimenezi pamene pulani ikujambulidwa.

Iyi ndiye ntchito ya akitekiti, katswiri wojambula mapulani a nyumba, ndipo zambiri zimene angachite sizodula ayi. Kuyang'anitsa nyumba kuti makoma aatali aloze kumpoto ndi kummwera, kumadzulo kukhale mawindo ang'onoang'ono kapena bafa ndi sitolo, sizifuna ndalama yowonjezera, zimafuna munthu woganiza asanakumbe fandeshoni. Mawindo oyang'anizana kuti mphepo idutse. Denga lotuluka kunja kwa khoma mokwanira, limene limatetezanso pulasitala ku mvula. Kampata pakati pa malata ndi siling'i kokhala ndi potulukira mpweya. Malata owala m'malo mwa akuda aja amene afika m'fasho. Francis Kéré wa ku Burkina Faso anamanga sukulu kumudzi kwawo ku Gando mu 2001 ndi njerwa zadothi, malata anawakweza m'mwamba pa zitsulo kuti mphepo izidutsa pansi pake, ndipo kumeneko kumatentha kuposa kuno, mu 2022 anamupatsa mphoto ya Pritzker, yaikulu kwambiri pa ntchito imeneyi, munthu woyamba wa mu Africa kuilandira. Pafupi pompano ku Harare kuli chinyumba cha Eastgate Centre chojambulidwa ndi akitekiti Mick Pearce, chotsegulidwa mu 1996, chimene chimaziziritsidwa kwambiri ndi mpweya wa usiku umene umadutsa m'mipata ya m'kati mwake. So si nkhani ya ku Ulaya iyi.

Koma kutentha ndi mbali imodzi chabe, ine chimandiopsa kwambiri ndi madzi. Chipata yakhala m'mbale, mapiri kuzungulira, ndipo kuchokera pamene inakhala city mu 2017 mapuloti akungokwera phiri, mitengo ikutha, ena akuswa miyala konko. Mvula ikagwa pa phiri lopanda mitengo madzi saima, amatsika ndi mchenga ndi miyala, akafika pa nyumba za mapeva ponseponse salowanso pansi, aliyense waboola kabowo pansi pa mpanda wake kuti madzi atulukire kwa neba, neba nayenso chimodzimodzi, mpaka onse amakathera m'ngalande zodzaza mabotolo ndi mapulasitiki, kenako m'nyumba za anthu a m'munsi amene amakhala pafupi ndi mtsinje wa Lunkhwakwa. Amene ali ndi ndalama pamwamba amatumiza madzi kwa amene alibe pansi, basi. Ndipo tinaona zimene namondwe Freddy anachita ku Blantyre mu Malichi 2023, matope ndi miyala kutsika phiri la Soche usiku kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu ambiri anafa. Ambiri kuno tili ndi abale ku Malawi kutsidya kwa boda ya Mwami, sitinamvere pa wailesi pokha.

Chodabwitsa n'chakuti madzi omwewo timawafuna mu Seputembala pompi ikauma. Werengani nokha, mvula ya 1 mm pa denga la sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, kuno pa chaka imagwa pafupifupi 1,000 mm, ndiye denga la masikweya mita 100 limataya malita pafupifupi 100,000 chaka chilichonse. Simungasunge onse, koma gata ndi thanki zitajambulidwa pa pulani kuyambira pachiyambi, osati kudzaziganizira nyumba itatha, komanso dzenje la miyala loti madzi otsala alowe pansi ndi kagawo ka puloti kosiyidwa ka kapinga ndi mitengo, ngalande za m'tauni zikanapuma ndipo zitsime sizikanauma msanga.

Nanga njerwa. Pitani m'mbali mwa tauni nthawi ya chilimwe muone mauvuni akufuka, aliyense amadya mitengo ikuluikulu yaiwisi, mpaka mango akugwetsedwa chifukwa mitengo ya m'tchire yatalikira, pamene anakumba dothi pamatsala maenje oswera udzudzu. Ku Malawi anaika malamulo mu 2018 oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zina zazikulu. Mabuloko a simenti nawonso si oyera mtima, simenti imatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wa kaboni padziko lonse, ndipo mtengo wa thumba mukuudziwa. Pali njerwa zadothi zopanikiza ndi makina, zosakaniza simenti pang'ono, zosaotcha, zina zolumikizana zokha zosafuna matope ambiri pakati, koma munthu sangaike ndalama zake pa chinthu chimene sanachionepo, mpaka akitekiti atamanga nazo kiliniki kapena kalasi anthu aigwire ndi manja aone kuti mvula yadutsa khoma lili chilili.

Manje apa ndi pamene ndimakangana ndi anzanga ophunzira za zomangamanga, amene anatuluka ku Copperbelt University n'kulembetsa ku Zambia Institute of Architects. Iwo maso ali pa ma shopping mall, malodge ndi nyumba za mabwana, pomwe tauni yeniyeni ikumangidwa m'makomboni, ku Mchini, ku Nabvutika, ku Kapata, ku Magazine, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamawa akagulitsa soya, ndipo amene akusankha zonse ndi bilikileya ndi mwini puloti atagwira foni, pulani yotumiziridwa pa WhatsApp imene inajambulidwira puloti ina ku Lusaka. Ndikudziwa ayankha kuti anthu safuna kulipira. Zoona, mayi wogulitsa tomato pa Kapata sangakwanitse mtengo wa akitekiti. Koma chimaletsa n'chiyani kujambula mapulani angapo a nyumba za zipinda ziwiri kapena zitatu, oti munthu azimanga pang'onopang'ono, ena a puloti ya pa phiri ena a malo a chinyontho, osonyeza kumene dzuwa likulowera, pokhala thanki, pokumba chimbudzi kutali ndi chitsime, n'kumagulitsa motchipa kapena kusiya ku khansolo kuti wodzapempha chilolezo azisankhapo. Ndiye Loweruka lina asonkhanitse mabilikileya, chifukwa bilikileya mmodzi amamanga nyumba zambiri kuposa zimene akitekiti angajambule, akangomvetsa chifukwa chake denga liyenera kutuluka kunja, iyeyo ndi amene adzakakamize bwana wake pa saiti. Ndipo mapulani amenewo akhale okongola ndithu, chifukwa ngati akuoneka ngati nyumba ya aphunzitsi ya mu 1975 palibe adzawatenge, anthu abwerera ku malata obisika aja.